Mwamuna wa Mayendedwe Abwino

Amuna ena amadyetsa banja ndi manja, ena ndi pakamwa. A Chitsanzo ankadyetsa lawo ndi mapazi, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo ngakhale tsiku limodzi.

Ntchito imene anawalembera pa sukulu ya zachipatala inali ya umesenjala: kunyamula mafailo, kutsegula mawindo, kuthamangira choko. Koma masiku ena pa sabata ankavula thalauza, n'kuvala kakabudula kakuda kothina, n'kulowa m'chipinda chachitali mmene munkaphunzirira achinyamata odzathandiza odwala kuyambiranso kuyenda. Pansi panali mzere wa tepi yoyera, pakona kamera, m'mbali mabenchi. Aphunzitsi ankawamata timapepala toyera paphewa, pachiuno, pabondo, pakakolo ndi pachala chachikulu, kenaka n'kunena kuti, "Tiyeni bambo." Iwo ankachoka kukhoma ili kukafika kukhoma ilo, n'kutembenuka, n'kubwerera. Ntchito yake inali yomweyo basi. Wophunzira asanaone wodwala ankayenera kuyamba wadziwa mmene munthu wabwinobwino amayendera, ndiye munthu wabwinobwinoyo anali iwowo. Dzina loti Chitsanzo linabadwira m'chipinda chimenecho, lawo lenileni n'kutsala pachiphaso pokha.

Mwayiwo unawapeza akadali achinyamata. Mphunzitsi wina, amene anapuma kalekale, anawaona pawindo akudutsa pabwalo ndi failo kukhwapa, n'kuwaitana kuti abwerere adzadutsenso. Nkhani imeneyo a Chitsanzo ankaikamba kwa aliyense amene walakwitsa n'kukhala nawo pafupi m'basi, ndipo chaka chilichonse inkanenepa. Pomaliza inkamveka ngati madokotala anasakasaka dziko lonse n'kupeza kuti miyendo yolongosoka inalipo iwiri yokha.

Mkazi wawo anali telala. Ankasokera pakhonde la nyumba yawo ya lendi, pa makina akale opalasa ndi mapazi. Tisabise, nayenso anakodwa ndi miyendo yomweyo. Ali mtsikana, akuphunzira kusoka m'shopu ya m'mbali mwa msewu, ankaimitsa makina mnyamata wina wamtali akamadutsa, msana uli wowongoka, manja akugwedezeka mwaulemu, fumbi osalidzutsa n'komwe. Anzake ankamutsina m'nthiti. Sanafunse zambiri za mnyamatayo. Anangoti munthu woyenda chonchi sangakhale ndi mtima wokhota, ndipo pamenepo m'pamene analakwitsa masamu.

Amayi oyandikana nawo nyumba ankamuseka pampopi. "Iwe ndiye unachita mphumi, mnzathu. Amuna athuwa mayendedwe awo ndi okayikitsa, koma ako anachita kuvomerezedwa ndi madokotala, mpaka pa kamera!" Telalayo ankaseka nawo, chifukwa mbali imeneyo zinali zoona. A Chitsanzo sanali oyendayenda. Sankamwa, sankagona kunja, akaweruka ankalunjika kunyumba. Vuto linali loti akafika kunyumbako ankakhalako.

Ankayamba ndi beseni la madzi ofunda. Mapazi akafewa ankasanjika limodzi patebulo lomwe ankadyerapo, n'kuyamba kupala chidendene ndi kamwala. Tizikopa toyera tinkayoyoka ngati ufa, tina n'kuulukira pansalu za makasitomala. Zikhadabo ankazisonkhanitsa m'sosala ya tiyi, ati zingabaye munthu. Ikatha ntchito imeneyo ankaitana kuti, "Amayi, mafuta," ndipo telalayo ankagwada n'kudzoza pakati pa zala, chimodzichimodzi, atagwira mpweya. Kwa zaka zonsezo sanazolowere. Sosala ija ankaiika payokha kuseri kwa kabati, koma tiyi wa m'nyumba imeneyo sankamukomabe.

Katundu wolemera sankanyamula, ati amapendeketsa chiuno. Njinga sankapalasa, ati imafupikitsa minofu ya ntchafu. Tsiku limene anasamukira m'nyumba imeneyi, makina osokera anasenza ndi mkazi, iwo akutsogola ndi wotchi ya pakhoma. Pabalaza, pamalo pamene anzawo amapachika chithunzi cha ukwati, iwo anapachika chithunzi chimene anawajambula kusukulu kuja: miyendo iwiri yaubweya yokhala ndi timadontho toyera, kuyambira m'chiuno kutsika, yopanda mutu. Alendo ankachiyang'ana kamodzi n'kusankha mpando wochifulatira.

Mapazi akauma, ankatulutsa mpando pakhonde n'kuyamba kuweruza anthu odutsa.

"Taonani uyo. Akuponda ndi phazi lonse nthawi imodzi, phwa, phwa, ngati bakha. Munthu wamkulu, ndi tayi yemwe!" Ankalavula kumbali. "Kuyenda kuli ndi malamulo, amayi. Chimayamba kugunda pansi ndi chidendene. Kenaka thupi limagudubuzika cha m'mphepete mwa phazi, bondo n'kupindika pang'ono kuti lilandire katundu, pomaliza chala chachikulu n'kukankha. Mwendo wamanja ukapita kutsogolo, mkono wamanzere umapita nawo. Ndipo phazi likamadutsa m'malere, zala zimangophonya nthaka ndi kampata kakang'onong'ono. Zimenezi aphunzitsi amachita kuloza pa ine ndi ndodo. Nanga chovuta n'chiyani kuti anthu aziyenda ngati anthu?"

"Mwina nsapato zikumupweteka, bambo," ankatero telalayo, singano ili pakamwa.

"Nsapato n'zosalakwa. Ndi uve wa m'miyendo basi."

Alendo akavula nsapato pakhomo, iwo ankazitola n'kuzitembenuza kuti aone mbali imene yadyeka, nkhope atakwinya. Mwana wawo wamkazi, yekhayo amene anabereka, ankayenda zala zitaloza m'kati pang'ono. Bambo ake anamuyendetsa pa mzere wa choko kuyambira ali wamng'ono, mpaka mwanayo anaphunzira kudikira kuti atuluke kaye asanadutse pabalaza. Atakula anakwatiwa kutali, ndipo kubwera kwake kunali kwa pa foni.

Matenda anabwera m'mawa wina, telalayo akusoka mpendero wa siketi ya kasitomala. Phazi lamanzere linangoterereka pa chopondera cha makina n'kukana kubwererapo. Anafuna kulikweza ndi dzanja, dzanja nalo linakana. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatulukako ndi moyo, pakamwa patabwerera m'malo mwake ndithu, koma mbali yamanzere sinkamumveranso. Mkono unapindikira pachifuwa. Phazi linkalendewera, zala zitaloza pansi, bondo lili gwa. Kuti aponye phazi ankayenera kupendekera kumanja, kukweza chiuno, n'kuzunguliza mwendo wonse cha panja, nsonga ya nsapato ikukhwekhwereza pansi. Lilime linkatuluka lokha pakona pa mlomo, ndipo potembenuka kamawu kakuti "Mayo ine" kankamupulumuka asanakonzeke.

Dokotala wa zolimbitsa ziwalo, mayi wosakonda kuzungulira, anamuuza mosabisa. "Mwendo uwu muziuyendetsa tsiku lililonse, mayi. Mukausiya uuma, ndipo ukauma ndiye kuti njinga ya olumala ija ndi yanu mpaka kalekale." Telalayo anali ataiona njingayo mu wodi. Munkakhala mayi wina amene ankaiwalidwa pafupi ndi bafa, fungo la mkodzo litamuzungulira, ntchentche zikuchita msonkhano pansalu yake. Imfa sankaiopa kwenikweni, koma mpando umenewo ankauopa.

Koma m'nyumba yoti ayendemoyo munali woweruza. Miyezi yoyamba a Chitsanzo sananene choipa chilichonse, ndipo bola akananena. Mkazi wawo akagwira ndodo kuti adzuke, iwo ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi chochita kuseri. Popita kuchipatala ankatsogola patali, kuti wodutsa asadziwe kuti ali limodzi. Mpando wa pakhonde anautembenuza kuti usayang'ane pakhomo. Telalayo ankaidziwa nkhope imeneyo. Anali ataiona zaka zambiri ikunyansidwa ndi anthu a mumsewu, ndipo tsopano inkathawa kuyang'ana iye. Nayenso anayamba kuipidwa ndi mwendo wake. Ankautcha "chinthuchi", ndipo posamba ankausambitsa atayang'ana kumbali. Pang'ono ndi pang'ono anasiya kudzuka kupatula popita kuchimbudzi. Makina anawafunditsa nsalu, makasitomala anatenga nsalu zawo zosatha, ndipo bondo linayamba kulimba monga dokotala ananenera.

Ndiye tsiku lina bambowo anabwera kuchokera kuntchito ali duu. Beseni sanaitanitse, pakhonde sanakhale. Anangogona chagada n'kumayang'ana malata. M'mawa mwake, asanavale nsapato, anaima pakhomo la kuchipinda.

"Amayi, dzukani tikayende."

Telalayo anaganiza kuti sanamve bwino. "Mukuti chiyani, bambo?"

"Ndati tikayende. Si paja adokotala anatero? Tsogolani, ine ndikhala pambuyo kuti mukamagwa ndikuwakheni."

Tsiku limenelo anafika pampopi, mawa lake anapitirirapo pang'ono. Bambowo ankabwera pambuyo mwakachetechete, maso ali pa mwendo uja osaphethira. Anayamba ndi mafunso omwe. "Mukamakweza chiunocho, mumayamba mwapendekera kaye kapena zimachitikira limodzi?" "Nanga chimayamba kugunda pansi n'chiyani, zala kapena m'mphepetemu?" "Tabwerezani potembenukapo, sindinaone bwino." Iye ankabwereza, thukuta lili kamukamu, mtima ukusefukira ndi chimwemwe. Pa zaka zonse za ukwati wawo mwamunayu anali asanamufunsepo mmene chinthu chilichonse chimamvekera m'thupi mwake.

Amayi a pampopi aja anayamba kuloza amuna awo ndi milomo. "Mukuwaona anzanu? Inu ine nditadwala mungandiperekeze ngakhale kuchimbudzi?" A Chitsanzo ankangogwedeza mutu modzichepetsa, maso osachoka pa kakolo wa mkazi wawo.

Mng'ono wake wa telalayo, amene ankabwera kudzachapa ndi kusesa, ndi amene anauzidwa zakumtima. "Alamu ako asintha, iwe. Matendawa andilanda mwendo koma andipatsa mwamuna."

"Alamu omwewa?" anafunsa mng'onoyo akufinya malaya. "Aja osunga zikhadabo m'sosala?"

"Usatero. Munthu amasintha."

"Kaya, achemwali. Ine ndingoonera."

Ndipo mwendo unayamba kumvera. Pampopi panasanduka pafupi. Anafika pamsewu waukulu, kenaka pagolosale ya pakona, pamene anagula yekha ulusi ngakhale kuti analibe chosoka. Madzulo ankagwadanso, movutikira, n'kudzoza mapazi aja ndi dzanja limodzi, ndipo mpweya sankagwiranso. Anaona kuti nsapato yawo yamanzere yayamba kudyeka kunsonga, chinthu chimene sichinachitikepo, koma anangoti ndi ukalamba n'kuwamvera chisoni.

Tsiku loti akaonedwenso ndi dokotala litafika anapita ndi mng'ono wake, chifukwa bambowo anati kuntchito kwachuluka zochita. Dokotala uja anamuyendetsa, n'kumupinda bondo, n'kugwedeza mutu mokhutira. "Amene akukuyendetsaniyo mukamuthokoze," anatero. Chipatalacho chinali mpanda umodzi ndi sukulu ija, ndiye potuluka telalayo anati, "Tiye tikawathokoze pompano. Akaone kuti ndakwera masitepe ndekha." Chikwatiwire anali asanapondeko kuntchito kwa mwamuna wake.

Pakhomo la nyumba ya makalasi anapeza mayi wina akukolopa, n'kumufunsa njira.

"A Chitsanzo? Aja a zisudzo?" anatero mayiyo atatsamira mopu. Sanadziwe kuti akulankhula ndi ndani, ndipo anali wapakamwa. "Ali m'chipinda chakumapeto uko, mungotsatira kuseka. Paja zoyenda bwino zija anawasiyitsa. Aphunzitsi anati ayamba kuponya phazi pafupi, chala sichikukankhanso, ukalamba walowa. Pano amayendapo ndi mlonda wa pageti uja, wamiyendo yowongoka. Ndiye bambowa, kuti kakabudula kasawachoke, anachita kuchonderera, ati ine ndimatha kuyerekeza odwala. Zinazo n'zosakoma. Koma ya sitiroko yokha, eee, ayi ndithu amaitha. Mungati anadwalapo."

Mng'ono uja anagwira mkulu wake pamkono. "Achemwali, tiyeni tizipita."

Telalayo analowa m'kolido yaitali, yopanda pokhota, yonunkha mankhwala okolopera. Kuseka kunkakula akamayandikira. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo anaima pamenepo n'kusuzumira.

Mwamuna wake anali pa mzere wa tepi, mimba italendewera pamwamba pa kakabudula, timapepala toyera titamatidwa pa ntchafu zofota. Mkono wamanzere anali ataupindira pachifuwa, dzanja atafumbata. Anapendekera kumanja, n'kukweza chiuno, n'kuzunguliza mwendo cha panja, nsonga ya nsapato ikulira pa simenti. Panalibe chimene analakwitsa. Lilime linali pakona pa mlomo. Malovu amene telalayo ankawapukuta mobisa ndi kuseri kwa dzanja, poganiza kuti palibe akuona, bambowo anawapukutanso ndi kuseri kwa dzanja. Atafika kukhoma anatembenuka pang'onopang'ono n'kutulutsa kamawu kopyapyala, kachikazi: "Mayo ine."

Mabenchi onse anafa nalo phwete. Mtsikana wina anachita kugwira m'mimba.

"Zapakamwazo n'zosafunika, bambo, ife tikufuna mwendo," anatero aphunzitsi, koma nawonso mano anali panja. Analoza ndi ndodo. "Onani bwino. Phazi silikutha kudzuka, bondo silikupinda, ndiye mwendo ukukhala ngati watalika. Kuti zala zisakodwe pansi, wodwala amakweza chiuno n'kudutsitsa mwendo m'mbali. Yerekezani ndi zimene munaona kwa mlonda dzulo. Bwerezaninso, bambo."

Telalayo anakumbukira m'mawa uliwonse, mafunso aja, ndi mmene ankadzikakamizira kubwereza kuti awasangalatse. Anakumbukira dzanja lake lili pakati pa zala za mapazi amenewo dzulo lomweli, ndipo analipukuta pansalu yake mwamphamvu. Si mkwiyo umene unamugwira. Unali mseru weniweni, wonga wa munthu amene wapeza mphemvu pansi pa kapu atamwa kale tiyi yense.

"Ndisiyeni ndikawalavulire," anatero mng'ono uja, ndipo pofuna kudutsa anagunda chitseko n'kutseguka chonse.

Kuseka kunazima benchi ndi benchi. Ophunzira anayang'ana mayi wa pakhomoyo, mkono wake wa pachifuwa, ndodo yake, n'kuyang'ananso bambo wa pa mzereyo. Ena anaweramitsa mitu. A Chitsanzo anawongoka, mkono n'kutsika, lilime n'kubwerera m'kamwa. Telalayo anadikira. Anali atakonzeka kuona manyazi, kapena kumva bodza, ndipo mwina akanalandira chilichonse mwa ziwirizo.

Nkhope ya bambowo inawala.

"Eya! Abwera eniake!" Anaomba m'manja. "Aphunzitsi, awa ndi mayi a kunyumba, aja ndinkakuuzani aja. Amayi, mwachita bwino kwabasi. Talowani muyende pang'ono pamzerepa, anawa aone okha ngati ine ndimawonjezera."

"Ayi, bambo, ayi," anatero aphunzitsi motsitsa mawu, akuyang'ana pansi. "Sitichita choncho."

"Palibe vuto, anazolowera. M'mawa uliwonse ndimawayendetsa ndine."

Telalayo anafuna kuchoka pamenepo kuposa chilichonse chimene anafunapo pa moyo wake, ndipo m'pamene anaona msampha wake. Kumbuyo kwake kunali kolido yonse ija, yowongoka ndi yowala, ndipo chitseko chinali chotsegula. Kuti achoke anayenera kuyenda, onse akuona. Mtsikana amene ankaseka kwambiri uja anathamangira pakona n'kubwera akukankha njinga ya olumala, misozi ili lengelenge. "Mayi, pepani. Khalani apa ndikuperekezeni mpaka pageti, musavutike kuyenda."

Anaiyang'ana njingayo. Inali yaukhondo, ya khushoni yatsopano, ndipo ikanamubisa bwinobwino. Mwendo unkanjenjemera ndi kutopa. Mng'ono wake ananong'ona kuti, "Khalani, achemwali, lero lokha."

"Ichotseni," anatero telalayo.

Analuma lilime kuti lisatuluke. Anatembenuka, kamawu kaja n'kukameza mpaka kukhosi kunapweteka. Kenaka anapendekera kumanja, n'kukweza chiuno, n'kuzunguliza mwendo, chifukwa njira ina yoyendera analibe. Nsapato inalira pa simenti. Anaponyanso phazi, inaliranso. Mayi wokolopa uja anakokera ndowa yake kumbali, kukamwa kuli yasa.

Asanafike pakati pa kolido, telalayo anamva mawu a mwamuna wake kuchokera pakhomo paja, otsika, okoma, a munthu amene zake zayenda.

"Mwachiona chiunocho? Ndiye muzinena kuti a Chitsanzo amanama."